Kusaka shoti musanatumize bodi ku fakitale: KiCad, Altium, EasyEDA, Eagle kapena Proteus?

Omwe angoyamba kujambula ma PCB (mabodi a electronics okhala ndi tinjira ta kopa) amakonda kufunsa kuti kodi pulogalamu iti imagwira shoti (kukhudzana kwa njira za magetsi zomwe siziyenera kulumikizana) bwino, nde anthu amangoponyerana mayina basi, wina akuti KiCad, wina akuti Altium poti ndi yodula ndiye iyenera kukhala yanzeru. Koma shoti si ya mtundu umodzi ayi, imabadwira malo osiyanasiyana, ndipo chida chomwe chimagwira mtundu wina mosavuta chimatha kuudutsa mtundu wina osaona kanthu. Nde tisanayambe kutchula mitengo tiyeni tigwirizane kaye kuti tikusaka chani.

Shoti yoyamba imabadwira mu schematic, chojambula chosonyeza mmene zipangizo zalumikizirana. Mwaika ma label awiri pa waya mmodzi, mwina VIN ndi 5V, kapena mawaya awiri omwe amayenera kungodutsana alumikizidwa ndi kadontho ka junction komwe simunakaone, kapena symbol yakale ili ndi pin ya VCC yobisika yomwe ikudzilumikiza yokha ku net (gulu la ma pin olumikizidwa pamodzi) iliyonse yotchedwa VCC. Apa pulogalamu imatenga ma net awiri aja nkuwasandutsa amodzi, mukafika pa bodi ratsnest (timizere tosonyeza zoyenera kulumikizidwa) ikukuuzani kuti lumikizani apa ndi apa, inu mukumvera, DRC (Design Rule Check, cheke ya pa bodi) ikuti zero errors. DRC ili ngati mlonda wa pageti yemwe mwamupatsa pepala la mayina, wakuba akakhala kuti dzina lake lili papepalapo amutsegulira ndi ulemu wonse. Pepalalo ndi netlist, mndandanda wa ma net wochokera mu schematic.

Yachiwiri ndi ya pa layout, kopa wa net iyi wakhudzana ndi kopa wa net ina. Track (kanjira ka kopa) yadutsa pa pad (powotcherera mwendo wa chipangizo), via (kabowo kolumikiza ma layer) yaboola zone (dera lothiridwa kopa) ya layer yamkati, kapena mwasuntha kachipangizo koma zone ya GND simunaithirenso nde kopa wakale wangotsala pomwe anali. Iyi ndiye yophweka, mapulogalamu onse omwe titchule pano amaigwira bola muwapatse mpata.

Yachitatu ndi yomwe imaliza anthu, imakhala pakati pa chojambula ndi chipangizo chenicheni. Chitsanzo chodziwika ndi AMS1117-3.3 ya SOT-223, pin 1 ndi GND, pin 2 ndi output, pin 3 ndi input, ndipo chitsulo chachikulu chakumbuyo chija ndi output, osati GND. Munthu yemwe anazolowera 7805, yomwe chitsulo chake ndi GND, akapeza footprint (chojambula cha ma pad a chipangizo pa bodi) yomwe chitsulocho chalembedwa kuti pin 4 amangochimangirira ku GND kuti chiziziritsidwe ndi zone. Pa kompyuta zonse zili bho chifukwa pin 2 ndi pin 4 ndi ma pad osiyana, koma mkati mwa chip ndi chitsulo chimodzi, nde mukayatsa 3.3 V ili pa GND. LM317 nayonso chitsulo chake ndi output. Mutu wa screw wogona pa ma track awiri, ndi solder yolumikiza ma pin oyandikana, zili mgulu lomweli.

Zomwe ndikuyang'ana pa pulogalamu iliyonse

Ndikufuna kudziwa ngati ERC (Electrical Rules Check, cheke ya ku schematic) yake imakuwa ma net akaphatikizana mu schematic, ngati DRC yake imakutengerani pamalo penipeni pomwe kopa wakhudzana osati kungonena kuti pali vuto kwinakwake, mmene imachitira ndi ma zone akale, komanso ngati ili ndi njira yoyera yolumikizira dala ma net awiri monga AGND ndi DGND (ground ya analog ndi ya digital) popanda kuzimitsa lamulo la shoti. Pa mtengo ndikuwerengera ndi bandulo yomwe, osati layisensi yokha. Pa kapezekedwe funso ndi loti imayenda pa laputopu yanji, ndipo netiweki ikasowa kapena magetsi akathima rauta nkuzima mupitiliza ntchito kapena ayi. Kusamalira ndi ntchito yomwe inuyo muzigwira kuti chidacho chizinena zoona, ma library, malamulo a clearance (mpata wosiyidwa pakati pa kopa wa ma net osiyana), ma apudeti. Zoopsa ndi njira zomwe shoti imadutsira chidacho chili chete.

KiCad

Mtengo: ulere, ndipo si ulere wa msampha, palibe malire a kukula kwa bodi kapena nambala ya ma pin. Anaiyamba ndi Jean-Pierre Charras ku Grenoble mu 1992, kenako a CERN, bungwe la kafukufuku wa sayansi ku Ulaya, anayamba kuikapo manja cha mu 2013 nde kuchokera pamenepo inasintha kwambiri. Chomwe mulipire ndi bandulo, installer ya Windows ndi yolemera, ganizirani za 1 GB kapena kupitilirapo chifukwa cha ma 3D model, bola kukopera kwa mnzanu pa fulashi.

Kapezekedwe: Windows, macOS, Linux, ndipo mukaika basi mwaika, sifuna akaunti, sifuna intaneti.

Pa kusaka shoti penipeni, mukatsegula DRC muonetsetse kuti mwachonga pa Refill all zones before performing DRC komanso pa Test for parity between PCB and schematic. Shoti ya kopa imabwera ndi uthenga woti Items shorting two nets, imatchula ma net onse awiri ndi zinthu ziwiri zomwe zakhudzana, mukadina mzerewo imakufikitsani pomwepo ndi kamuvi. Ikakhala kuti pamalopo pali chipwirikiti, lozani track nkudina batani la ` lija lili pansi pa Esc, net yonse iwala zina zonse zizilala, kenako yang'anani layer imodzi imodzi. Batani la B limathiranso ma zone onse, lizolowereni chala chizingopita chokha. Kuyambira version 7 DRC imanenanso ngati bowo la solder mask latsegula ma pad a ma net osiyana pamodzi, zomwe zimathandiza pa ma chip a miyendo yothinana pomwe solder imakonda kudumphira kwa mnzake. Ma net tie aliponso, footprint yapadera yomwe imaloledwa kulumikiza ma net awiri DRC osadandaula.

Ku schematic ERC imachenjeza waya mmodzi akapatsidwa mayina awiri, komanso imakuwa ma pin awiri a mtundu wa power output akakumana, monga ma regulator awiri omwe ma output awo mwawamanga pamodzi mosadziwa. Koma uthenga wa mayina awiri uja umabwera ngati chenjezo chabe nde ambiri amaudumpha. Ine ndimaukweza kukhala error mu Schematic Setup ndisanajambule waya ndi mmodzi yemwe.

Kusamalira: version yaikulu imatuluka pafupifupi chaka chilichonse, 7 mu 2023, 8 mu 2024, 9 mu 2025, ndipo fayilo yosungidwa mu yatsopano sitseguka mu yakale, nde ngati mukugwira ntchito awiri gwirizanani kaye version. Clearance yomwe imabwera nayo ndi 0.2 mm, yokwanira bwino ku mafakitale aku China, koma ngati mukudzipangira bodi pakhomo ndi ayironi ndi ferric chloride muikweze kufika 0.4 mm kapena 0.5 mm, apo ayi toner ikafalikira shoti muzipanga ndi manja anu. Omwe amasunga ntchito pa Git, kuyambira version 8 kicad-cli imatha kuyendetsa DRC yokha popanda kutsegula pulogalamu.

Zoopsa: chachikulu ndi ufulu womwe imakupatsani. Mutha kudina Exclude pa error iliyonse, mutha kuika mtundu wonse wa error pa Ignore, ndipo projekiti yomwe mwaitenga kwa munthu wina imabwera ndi zomwe iye anazimitsa, nde yang'anani tabu ya Ignored Tests musanakhulupirire zero ija. Router ikakhala pa Highlight collisions nkuchonganso Allow DRC violations imakulolani kudutsitsa track pa chilichonse. China ndi PWR_FLAG, symbol youza ERC kuti net ili ndi kochokera magetsi, anthu amangoimwaza paliponse kuti ERC ikhale chete osafunsa kuti imadandaula chani. Komanso ERC imadalira mtundu wa pin, symbol yomwe munaijambula mothamanga ma pin onse nkuwaika passive ndiye kuti mwaitseka maso ERC pa chip imeneyo.

Altium Designer

Mtengo: madola masauzande angapo pa chaka pa munthu mmodzi, ndipo ndi mmene forex ikuvutira kumudzi kuno ingoiwalani zogula nokha, pokhapokha kampani ikulipirireni. Ophunzira amatha kupempha layisensi yaulere ya nthawi yochepa ndi umboni wakusukulu. Kampaniyi inayamba ngati Protel ku Tasmania mu 1985, inasintha dzina mu 2001, ndipo mu 2024 inagulidwa ndi Renesas yaku Japan.

Kapezekedwe: Windows yokha, ndipo imafuna makina amphamvu, RAM yambiri ndi graphics yabwino. Pa laputopu ya kaunjika ya 4 GB musadzivutitse. Mitundu ina ya layisensi imafuna muzilowa pa akaunti kudzera pa intaneti.

Pomwe imaposa anzake ndi pa malamulo. Ili ndi lamulo lakelake la Short-Circuit losiyana ndi la Clearance, Online DRC imapaka zobiriwira pomwe mwalakwitsa nthawi yomweyo, ndipo panel ya PCB Rules And Violations imasanja zolakwa pansi pa lamulo lililonse nde simusakaniza shoti ndi madandaulo a silkscreen. Ctrl ndi kudina kumawalitsa net, Shift+S kumakusiyirani layer imodzi, T G A kumathiranso ma polygon onse (ndi ma zone omwe aja). Pali lamulo la Modified Polygon lomwe limagwira polygon yomwe yasinthidwa koma sinathiridwenso kapena yomwe munaibisa kaye, limeneli ndi lofunika kwambiri pa mabodi a ma layer 6 kapena 8 pomwe maso sangaone zamkati. Komanso mu CAM editor yake mutha kutsegula ma Gerber anu (mafayilo omwe mumatumiza ku fakitale), kutulutsa netlist kuchokera pa kopa weniweniyo nkuyerekeza ndi ya IPC-D-356 (fayilo ya netlist yoyezera bodi), ntchito yomwe mapulogalamu ena amafuna mukaipangire kwina.

Kusamalira: malamulo ake ndi ambiri ndipo amayendera priority, lamulo lapamwamba limaphimba lapansi, nde pamafunika munthu yemwe akuwadziwa aziwasunga mu template ya kampani. Popanda zimenezo mphamvu yonse ija imangokhala chisokonezo.

Zoopsa: mu lamulo la Short-Circuit muli kabokosi kolembedwa Allow Short Circuit. Anthu amakachonga kuti alumikize ma ground awiri, scope nkuisiya pa All ndi All, basi kuyambira pamenepo bodi yonse yaloledwa kuchita shoti. Njira yake ndi component ya mtundu wa Net Tie, osati kabokosi aka. Chachiwiri, batch DRC imabwera itaikidwa kuti iime ikapeza zolakwa 500, nde lipoti likadzaza ndi zinyalala shoti yeniyeni mwina sinafikiridwe nkomwe. Ena amazimitsanso Online DRC kuti makina apepuke nkuiwala kuyatsa. Ndipo AMS1117 uja, Altium ndi mtengo wake wonsewo amudutsitsa chimodzimodzi ngati KiCad.

EasyEDA

Mtengo: ulere pa zomwe ambiri amafuna. Ndalama amazipeza mukaitanitsa bodi ku JLCPCB ndi zipangizo ku LCSC, zonsezi ndi za banja limodzi.

Kapezekedwe: imatseguka mu browser, nde ngakhale pa kompyuta ya ku lab yomwe simuloledwa kuikapo kanthu mugwira ntchito. Koma pali ziwiri, Standard ndi Pro. Standard ndi yopepuka koma yokonda intaneti, Pro ili ndi pulogalamu yoika pa kompyuta yomwe imatha kusunga ntchito pa makina anu, komabe kusaka zipangizo za LCSC, komwe ndi kukoma kwake konse, kumafuna netiweki.

DRC ilipo ndipo imagwira track yokhudza pad ya net ina bwinobwino, mukadina cholakwa imakulozerani. Ma copper area mu Standard mumawathiranso ndi Shift+B. Mukamatulutsa Gerber imakufunsani ngati mukufuna iyendetse DRC kaye, ndipo batani lokana lili pompo, munthu wotopa usiku amadina lomwelo.

Kusamalira: pang'ono kwambiri, amakusinthirani okha, ma footprint ambiri alipo kale. Kuipa kwake ndi koti zinthu zimatha kusintha inu osapempha, nde muzitulutsa kope ya projekiti nkusunga pa makina anu.

Zoopsa: library. Kupatula zipangizo za LCSC palinso gawo la User Contributed pomwe aliyense amaponyapo zake, symbol yokongola koma manambala a ma pin osagwirizana ndi datasheet, kapena pad yapansi pa chip yopatsidwa nambala ya pin ina. Kufulumira komwe kumakoma mu EasyEDA ndi komwenso kumabweretsa shoti ya mtundu wachitatu, chifukwa kuchoka pa kusaka chipangizo kufika pa kulipira simunatsegule datasheet ndi kamodzi komwe. Ma symbol ambiri mitundu ya ma pin ake sinaikidwe mosamala, nde cheke ya ku schematic musaidalire ngati mmene mungadalirire ERC ya KiCad pa library yake yeniyeni.

Eagle ndi Autodesk Fusion

Mtengo: Eagle inali ya CadSoft yaku Germany, Autodesk inaigula mu 2016 nkuilowetsa pang'onopang'ono mu Fusion. Yaulere ya ntchito zanuzanu ili ndi malire, ma layer awiri, mapepala awiri a schematic, bodi yosapitilira 80 cm². Kupitilira apo ndi subscription.

Kapezekedwe: apa ndiye pali nkhani, Autodesk inalengeza kuti 7 June 2026 ndi tsiku losiya kugulitsa ndi kusamalira Eagle, otsala onse apite ku Fusion. Fusion imafuna akaunti, imafuna izilumikizana ndi intaneti nthawi ndi nthawi, ndipo ya Linux palibe pomwe Eagle yakale inali nayo.

Ndaiikabe pano chifukwa mafayilo ambiri a Arduino, SparkFun ndi Adafruit ali mu Eagle ndipo tsiku lina mudzatsegula imodzi kuti musinthe. Shoti ya kopa DRC yake imaitchula kuti Overlap. Lamulo la RATSNEST limawerengeranso ma polygon, SHOW GND limawalitsa net yonse ku bodi ndi ku schematic komwe. Mukalumikiza mawaya a mayina osiyana imakufunsani ngati mukufunadi kuwaphatikiza, funso labwino koma limabwera kamodzi, mukavomera mwavomera.

Kusamalira: schematic ndi bodi zizikhala zotsegula limodzi nthawi zonse, mukasintha chimodzi chinzake chili chotseka zimasiyana ndipo kuzigwirizanitsanso ndi ntchito yotopetsa.

Zoopsa: rank ya ma polygon. Ma polygon awiri a ma net osiyana, tinene GND ndi 5V, akasanjikizana ali ndi rank yofanana palibe yemwe amapatukira mnzake, ndi shoti yachindunji, DRC yokha ndi yomwe ingakuuzeni. Nde pali batani la Approve, poti kwa zaka zambiri anthu amalumikiza ma ground awiri posanjikiza kopa dala kenako nkuvomereza Overlap, chala chimazolowera kuvomereza ndipo tsiku lina chimavomereza yomwe sinali yadala. Kuyamba projekiti yatsopano mu Eagle panopa ine sindikuona chifukwa, KiCad imatsegula mafayilo ake.

Proteus

Iyi ndi yomwe ambiri tinaidziwira ku koleji chifukwa cha simulation ya PIC ndi Arduino. Ndi ya Labcenter Electronics yaku England. Mtengo: yolipira, ndipo gawo la PCB limakwera mtengo malinga ndi nambala ya ma pin yomwe mwaloledwa, demo yake sisunga ntchito. Kapezekedwe: Windows, yopepuka, sifuna intaneti pojambula. Kunena zoona yomwe imayenda m'mafulashi a ophunzira ambiri ndi ya crack, nde mavairasi ndi kutsekeka kwadzidzidzi muziyembekezera. Kusamalira: ma footprint a zipangizo zatsopano nthawi zambiri mukatenga kwina kapena kujambula nokha.

Zoopsa: DRC ilipo, imawerengera zolakwa pansi pa sikirini pomwe mukujambula, palinso Pre-Production Check yomwe imayenera kuyendetsedwa musanatulutse Gerber. Vuto ndi mtima womwe simulation imapereka, LED yaphethira pa sikirini nde munthu akuti circuit ili bho, pomwe simulation imayenda pa schematic ndipo za kopa sidziwa kanthu. Ma pin a magetsi a ma chip ambiri ndi obisikanso, amalumikizidwa kudzera mu Configure Power Rails, nde bodi ikakhala ndi 5 V ndi 3.3 V pitani mmenemo mukaone ndi maso kuti VCC ndi VDD zagwera mbali iti.

Kufufuza ma Gerber paokha

Iyi si pulogalamu yojambulira koma ndi njira ina yomwe iyenera kuyerekezedwa ndi zinazo, chifukwa fakitale sipanga fayilo yanu ya KiCad kapena Altium, imapanga ma Gerber. Mtengo: GerbView imabwera ndi KiCad, gerbv ndi yaulere, mafakitale ngati JLCPCB ndi NextPCB ali ndi zida zawo zaulere za DFM (zoona ngati bodi ingapangike bwino), pomwe CAM350 ndi ya makampani olipira. Kapezekedwe: ziwiri zoyambazo sizifuna intaneti. Kusamalira: palibe, kupatula kukumbukira kutulutsa ma Gerber atsopano mukasintha kalikonse, zip yakale yotchedwa final2 yawonongetsa anthu ndalama zambiri. Mukatulutsa Gerber X2 yokhala ndi ma netlist attributes, GerbView imatha kuwalitsa net imodzi pa kopa weniweni yemwe akupita ku fakitale.

Zoopsa: anthu amamva kuti fakitale imayeza bodi iliyonse ndi flying probe (makina oyeza ma pad ndi timasingano) nde amaganiza kuti shoti igwidwa kumeneko. Makinawo nthawi zambiri amayerekeza bodi ndi netlist yotengedwa pa ma Gerber anu omwewo, ndiye shoti ikakhala mu Gerber bodi yapambana mayeso, yapangidwa ndendende mmene munapemphera. Kuti akugwirireni pamafunika muwatumizire fayilo ya IPC-D-356, KiCad imaitulutsa pa Fabrication Outputs, ndipo muwafunse ngati amaigwiritsa ntchito pa oda yotchipa, si onse amatero. Ngakhale atatero, shoti ya mu schematic ili mu fayilo imeneyonso.

Nde za mtundu woyamba ndi wachitatu mankhwala ake ndi amanja ndipo ndi ofanana mu mapulogalamu onse. Tsegulani mndandanda wa ma net, Net Inspector mu KiCad kapena PCB panel mu Altium, muwerenge ngati ma net onse a magetsi omwe mumayembekezera alipo. Munali ndi VIN, 5V ndi 3V3 koma pamndandanda VIN kulibe? Yamezedwa ndi inzake. Kenako walitsani net iliyonse ya magetsi nkuyenda pad ndi pad datasheet ili pambali, makamaka ma regulator, ma MOSFET, ma connector a USB ndi ma pad apansi pa chip. Sindikizani bodi pa pepala pa sikelo ya 1:1 muikepo zipangizo zenizeni ngati muli nazo. Mabodi asanu ang'onoang'ono amatha kukhala madola awiri okha pa mtengo wotsatsira, koma kutumiza kuchokera ku Shenzhen kufika ku Lilongwe kapena ku Lusaka, msonkho, ndi masabata odikira, ndi pomwe pamawawa, ola limodzi ndi datasheet ndi lotchipa.

Bodi ikakhala kuti yafika kale ndipo mita ikulira pakati pa 3V3 ndi GND, yezani kaye bodi ina yopanda zipangizo. Ikalira nayonso ndiye vuto lili mu kopa, bwererani ku Gerber. Ikakhala chete ndiye ndi solder, chipangizo chakufa kapena footprint. Apa tengerani nzeru kwa okonza mafoni, lowetsani 1 V pa njira imeneyo ndi power supply yochepetsedwa current, thirani isopropyl, pomwe pakuuma msanga ndi pomwe pakutentha. Pulogalamu ntchito yake pamenepa ndi kukuwalitsirani net kuti mudziwe ma capacitor oyenera kuwakayikira, plugin ya Interactive HTML BOM imatulutsa fayilo yomwe imatseguka ngakhale pa foni muli pa benchi.

Ndani atenge iti

Wophunzira wa ku MUBAS kapena MUST yemwe akupanga projekiti ya chaka chomaliza, bodi ya ma layer awiri, bandulo yowerengera: KiCad. Ngati aphunzitsi akufuna simulation ya microcontroller pangirani mu Proteus ya ku lab, koma bodi jambulirani mu KiCad ndipo ERC ya mayina awiri ija muikweze kukhala error.

Wopanga bodi pakhomo ndi ferric chloride: KiCad yomweyo, clearance yaikulu, ndipo mita yanu ndi yofunika kuposa DRC, yezani ma track oyandikana musanawotcherere kanthu.

Wofuna kabodi ka ESP32 kofulumira kuti JLCPCB amuikire ndi zipangizo zomwe, netiweki ali nayo yodalirika: EasyEDA Pro, koma zipangizo za User Contributed azizipewa ndipo footprint iliyonse ya magetsi aifananize ndi datasheet.

Wogwira ntchito pa kampani ku Johannesburg kapena ku Britain komwe layisensi ilipo kale, mabodi a ma layer ambiri, ma ground ogawikana: Altium, ndipo tsiku loyamba pa projekiti ya munthu wina atsegule malamulo aone ngati Allow Short Circuit sinachongedwe, aonenso zolakwa zomwe zinapatsidwa waive (zinalekeredwa dala).

Yemwe ali ndi mafayilo akale a Eagle: kusintha kwakung'ono pangirani momwemo, RATSNEST kenako DRC, nkuyang'ananso zonse zomwe zinavomerezedwa kale. Ngati bodiyo ikhala ndi moyo zaka zikubwerazi isamutsireni ku KiCad, mukatero thiraninso ma zone ndi kuona ma priority ake chifukwa posamuka ndi pomwe ma polygon amasokonekera.

Oda ikakhala ya mabodi ambiri, kaya mwajambulira mu chani, onjezani cheke ya Gerber ndi fayilo ya IPC-D-356, ndipo yambani mwaitanitsa asanu oyesera musanalipire mabodi 500.